Mlendo ndi mame: ana a m'mapiri a Dedza adzawalankhulira ndani?

Sabata ino tikukupatsirani mau omwe adalankhula mayi wina wogwira ntchito m'bungwe lomwe si la boma loona za maphunziro a ana ovutika, pa msonkhano wa mafumu, aphunzitsi, makolo ndi alendo ochokera m'tauni womwe udachitikira pa boma la Dedza. Tawasindikiza monga momwe adalankhulira.

  Ine sindine wandale ndipo sindidabwere kudzapempha voti. Ntchito yanga ndi yoyenda m'midzi ya kuno kumapiri, kufunafuna ana omwe asiya sukulu, ndi kugogoda pa zitseko za maofesi kuti anawo abwerere m'kalasi. Ena amatitcha olankhulira ana. Lero ndikufuna ndikuuzeni chilungamo chake cha ntchito imeneyi, zokoma ndi zowawa zomwe, kenaka ndikutuleni katundu woti musenze.

Ndikuona pakati panu pali akuluakulu ena amene adadya nsima ya ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku Harare kwa zaka zambiri, osati mwa kufuna kwao, ndipo adabwerera kuno kwao lamulo lokhululukira othawa m'dziko litakhazikitsidwa mu 1993. Inu mukukumbuka bwino nthawi imene kunena kuti ana a m'dziko muno akuvutika udali mlandu. Mukukumbuka kuti kalata ya maepiskopi a Katolika yomwe idawerengedwa m'matchalitchi pa 8 Malichi 1992 idakamba poyera za kuthithikana kwa ana m'makalasi, za kusowa kwa aphunzitsi ndi zipangizo, ndiponso za tsankho pa kapezedwe ka malo a sukulu. Mukudziwanso zomwe zidawaonekera maepiskopiwo, mpaka Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu kupirikitsidwa m'dziko. Choncho nkhani ya sukulu ya mwana wosauka idali m'kati mwa nkhondo yofuna demokalase kuyambira pachiyambi pomwe.

Pa riferendamu ya pa 14 Juni 1993, anthu ambiri a boma lino la Dedza adavotera tambala wakuda, pamene dziko lonse lidapambana ndi nyali. Zimenezo sitibisa, ndipo sitinyozana nazo. Chomwe ndikufuna mukumbuke ndi chomwe chidatsatira. Chitapita chisankho cha pa 17 Meyi 1994, boma latsopano lidachotsa fizi ku pulaimale, ndipo m'chaka chimodzi chokha ana a m'sukulu adachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni. Mwana wa wovotera tambala ndi mwana wa wovotera nyali adakhala pansi pa mtengo umodzi, kulemba pa dothi limodzi. Paja akuluakulu adati walira mvula walira matope. Boma lidalemba mwachangu aphunzitsi pafupifupi 20,000, ambiri a iwo osadutsa ku koleji, ndipo makalasi, madesiki ndi mabuku zidachepa kotheratu. Komabe tsiku limenelo makolo osauka adaonetsa kuti sadali odana ndi sukulu monga ena ankanenera. Chomwe chinkawatsekereza idali ndalama.

Kuyambira pamenepo dziko lino lakhala likulemba malonjezo. Malamulo oyendetsera dziko, mu gawo 25, amapatsa munthu aliyense ufulu wa maphunziro, ndipo gawo 23 limateteza mwana ku ntchito yosokoneza sukulu yake. Lamulo la zamaphunziro la 2013 lidati pulaimale ndi yokakamiza. Lamulo la maukwati la 2015 lidati munthu asalowe m'banja asanakwanitse zaka 18, ndipo mu Febuluwale 2017 aphungu a ku Nyumba ya Malamulo adasintha malamulo oyendetsera dziko kuti atseke mpata womwe udatsala woti makolo avomereze ukwati wa mwana wa zaka 15. Mfundo yanga yaikulu lero yagona pamenepa. Sukulu ya mwana wamasiye wa ku Bembeke, wa ku Mayani kapena wa ku Lobi ndi ngongole yomwe dziko lidasainira. Wopereka sukulu kwa mwanayo akubweza ngongole, asamadikire kuomberedwa m'manja ngati wapereka mphatso. Ife ogwira ntchito m'mabungwe tili ngati atumiki otumidwa kukaitanitsa ngongoleyo, ndipo mwini wake ndi mwanayo pamodzi ndi mudzi wake.

Boma la Dedza si lachilendo pa nkhani ya maphunziro. Ansembe a White Fathers adafika ku Mua mu 1902, ndipo patangopita zaka zochepa adakwera kuno kumtunda kudzakhazikitsa mishoni ya Bembeke, komwe lero kuli koleji ya St Joseph yosula aphunzitsi aakazi. Sekondale ya Dedza, imene ambiri mumaidziwa ndi dzina loti Box 48, idatsegulidwa mu 1951, ndipo idali yachitatu m'dziko muno pambuyo pa Blantyre Secondary ndi Zomba Catholic. Madokotala, maloya ndi nduna zambiri adadutsa patsinde pa phiri ili. Koma tangoyendani pang'ono kuchoka pa tala, mulowe m'midzi ya kuseri kwa mapiri omwewa, mupeza mabanja omwe kuyambira agogo mpaka adzukulu palibe ndi mmodzi yemwe adapondako mu Folomu 1. Nanga chimawatsekereza n'chiyani?

Choyamba aliyense wokhala kuno akuchidziwa: chisanu cha mwezi wa Juni ndi Julayi. Nkhungu ikatsika phiri, munthu suona mnzako ali poteropo. Mwana wa zaka 6, wopanda juzi, wopanda nsapato, wosalawa kanthu m'kamwa, adzuke m'bandakucha, adutse dambo lodzaza mame, akakhale pa simenti yozizira kapena panja pa mphepo. Amayi ake akanena kuti lero gona udzapita mawa, kodi tiwatche odana ndi sukulu? Mawa limasanduka mkuja, mkuja n'kukhala sabata, ndipo pakutha pa chaka mwanayo amabwereza kalasi. Akabwereza kawiri kapena katatu, amafika Sitandade 5 ali wamkulu kale, anzake n'kumamuseka, ndipo manyazi amamutulutsa m'kalasi popanda womupirikitsa. Onjezanipo njala ya Januwale ndi Febuluwale, pamene nkhokwe zagona ndipo banja lonse lili pa ganyu.

Chachiwiri ndi chuma chathu chomwe. Kachewere wa kuno ndiye amadyetsa tchipisi anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Nyengo yokumba ikafika, mnyamata wa zaka 12 amatha kugwira ndalama m'manja tsiku lomwelo posenza matumba kapena pogulitsa m'mbali mwa msewu waukulu, pamene sukulu imamulonjeza phindu lodzabwera patatha zaka khumi. Malire a Mozambique ali pakhomo penipeni. M'malo ena kungowoloka tala basi uli kale ku Angonia, ndipo anyamata ambiri amapita kumeneko kukalima kapena kukaweta ng'ombe. Okulirapo maso ali ku Joni, poona anzao abwerako ndi njinga yamoto ndi malata. Atsikana nao ali ndi njira ziwiri zomwe zimawameza: banja la msanga, ndi ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe, komwe ndi mtunda wosakwana makilomita 100 kuchokera pano.

Chachitatu chimadza kwa mwana amene wapirira zonsezi n'kukhoza mayeso a Sitandade 8. Malo a ku sekondale ndi ochepa poyerekeza ndi ana okhoza, ndipo ana ambiri a kumudzi omwe amasankhidwa amapita ku sekondale zoyendera za CDSS, zija kale zidali ma DEC. Boma lomwe lidalowa pambuyo pa chisankho cha Seputembala 2025 lidalengeza kuti kuyambira Januwale 2026 ana a m'sekondale za boma asamalipirenso fizi ndi ndalama za mayeso. Tiyamike, chifukwa n'chinthu chachikulu. Koma ndalama za chigonero zidatsala, ndipo mtunda sudafupike. Mtsikana amene kwao n'kutali amachita lendi kachipinda pamsika pafupi ndi sukulu, wopanda kholo, wopanda ufa wokwanira, pakati pa amuna a ndalama za kachewere. Phunziro la 1994 tisaliiwale: kutsegula chitseko ndi ntchito ya tsiku limodzi, koma kusunga mwana m'kati mpaka alembe mayeso a Folomu 4 ndi ntchito ya zaka.

Ndiloleni ndikuuzeni za mwana mmodzi, dzina lake ndi mudzi wake ndizisunga. Bambo ake adamwalira iye ali Sitandade 6. Adakhoza mayeso a Sitandade 8 ndipo adasankhidwa ku sekondale yoyendera, ulendo wa maola awiri pansi. Asanayambe n'komwe, kudabwera munthu wodziwana ndi azakhali ake n'kunena kuti ku Lilongwe kuli banja labwino lofuna mtsikana wolera khanda, ndipo lidzamulipirira sukulu yamadzulo. Amayi ake adavomera, poti m'nyumba mudalibe ufa. Amene adatitsina khutu ndi amayi a gulu la pasukulu, omwe adaona kuti dzina la mwanayo lili pa mndandanda wa osankhidwa koma mwini wake sakuoneka. Zidatitengera miyezi kuti tipeze nyumbayo.

Ndinene mosabisa, nyumba imene tidamupezamo sidali ya anthu ankhanza ooneka ndi maso. Adali anthu ophunzira, opemphera, owerenga nyuzipepala ngati zomwe ena mwanyamula m'manjamo. Ana ao atatu ankapita ku sukulu yolipira, atavala yunifolomu yochapidwa ndi kusitidwa ndi mtsikana wathuyo. Mayi wa m'nyumbamo adandilandira bwino, nandipatsa tiyi, nati: "Koma amayi, ife tikungomuthandiza mwanayu, kwao kulibe chilichonse." Ndidawafunsa kuti sukulu yamadzulo ija idayamba liti. Adati akudikira kuti khanda liyambe kuyenda. Ndidawafunsanso ngati mwana wao wamkazi, yemwe adali msinkhu umodzi ndi wantchitoyo, angamudikiritse sukulu mpaka khanda la mnansi liyende. Sadayankhe, ndipo mawa lake adatipatsa mwanayo pamodzi ndi chikwama chake.

Kubwera naye kumudzi kudali kuyamba chabe. Malo ake ku sekondale adali atapita. Tidayenda ku ofesi ina, akuti bwerani Lachinayi. Lachinayi akuti bwana apita ku msonkhano ku nyanja. Sabata yotsatira akuti kalata iyenera kuchokera kwina. Ulendo wachisanu tidapita ndi a mfumu a m'mudzimo ndi amayi anayi a gulu lija, tonse n'kukhala pa benchi kuyambira m'mawa osasuntha. Tsiku limenelo kalata idalembedwa. Lero mtsikanayo ali Folomu 3. Koma musaombe m'manja msanga, chifukwa pamene ife tinkalimbana ndi za iyeyu, mlongo wake wamng'ono wa zaka 11 adawoloka malire kukaweta ng'ombe, ndipo mpaka pano sitidamupeze. M'mapepala a bungwe lathu mudalembedwa kuti tapulumutsa mwana mmodzi. Amayi ao akawerenga ana ao madzulo amapeza kuti mmodzi palibe.

Nkhani imeneyi idandiphunzitsa chinthu chomwe sindidachiphunzire ku msonkhano wina uliwonse. Maulendo anayi ndidapita ndekha, ndi chizindikiro cha bungwe pachifuwa ndi Chingerezi changa, ndipo ndidabwerako chimanjamanja. Ulendo wachisanu, eni ake a ngongole atafika okha, chitseko chidatseguka. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Tikayang'ana m'mbuyo, mbiri ikutiuza zomwezo. Ndondomeko ya GABLE, yomwe idayamba mu 1991 ndi thandizo la bungwe la USAID, idachotsera fizi atsikana osabwereza kalasi ku pulaimale fizi isanachotsedwe kwa onse. Mu 1993 boma lidavomera kuti mtsikana amene watenga pathupi azibwerera ku sukulu akabereka, pamene kale ankangochotsedwa basi, moyo wake wa sukulu n'kuthera pomwepo. Bungwe la FAWEMA, lomwe lidayamba chaka chomwecho, lidalimbikitsa magulu a amayi a pasukulu aja timawatcha mother group. A CRECCOM a ku Zomba, kuyambira 1999, adapitiriza ntchito yokambirana ndi midzi kudzera m'masewero ndi misonkhano. Mu 2014 mabungwe a UNICEF, WFP ndi UNFPA, ndi ndalama za dziko la Norway, adayambitsa ntchito ya maphunziro a atsikana m'maboma a Dedza, Salima ndi Mangochi, momwe mudali ndi chakudya cha pasukulu chogulidwa kwa alimi a m'dera lomwelo. Pa zonsezi, funsani kuti chomwe chimatsala galimoto zikapita n'chiyani. Chimatsala ndi lamulo lomwe lidalembedwa, ndi amayi a m'mudzi omwe adaphunzira kulondola mwana wojomba mpaka pakhomo pa makolo ake.

Anthu a kuno mukudziwa bwino kuti mlendo ndi mame. Kuyambira m'zaka za m'ma 1980, nkhondo ya ku Mozambique itakula, dziko lino lidasunga othawa nkhondo oposa 1 miliyoni, ndipo ambiri adakhala m'midzi ya Dedza ndi Ntcheu. Nthawi imeneyo ndi pamene tidaona magalimoto oyera a mabungwe akuchuluka m'misewu yathu. Pangano la mtendere litasainidwa ku Rome mu Okutobala 1992, abale athuwo adabwerera kwao, ndipo mabungwe ambiri adalongedza. Ena ochepa, monga Concern Universal, adatsala n'kupitiriza ntchito ndi midzi ya kuno. Posachedwapa, mu 2025, boma la America lidatseka USAID, bungwe lomwe lija lidabweretsa GABLE, ndipo anzathu ambiri adapezeka ali pakhomo opanda ntchito, ana omwe ankawayendera n'kutsala okha. Kumbukiraninso 2020, sukulu zitatsekedwa chifukwa cha Covid-19: kafukufuku wa boma adapeza atsikana oposa 40,000 otenga pathupi ndi maukwati a ana pafupifupi 13,000 m'miyezi yochepa. Nthawi imeneyo ife a mabungwe tidali titatsekeredwa m'tauni. Kumene kudali mfumu yogalamuka ndi amayi olimba mtima, ana ambiri adabwerera. Kumene ankadikira galimoto yathu, tidapeza ana ali kale pabanja.

Tsono popeza demokalase imafuna kuti aliyense afunsidwe, ndiloleni ndinene zolakwa zathu ife a mabungwe, ndisanaloze chala wina. Timakonda midzi ya pafupi ndi tala, komwe galimoto imafika ndi kubwerako dzuwa lisanalowe, mwakuti sukulu imodzi imakhala ndi zikwangwani zitatu pamene ya kuseri kwa phiri sidaonepo mlendo. Timathera ndalama zambiri m'mahotela a ku nyanja kukambirana za mwana wosauka, mwanayo palibe, amayi akenso palibe, ndipo taphunzitsa anthu kuti popanda alawansi msonkhano sungachitike. Ntchito zathu zimakhala za zaka zitatu, pamene mwana amafuna zaka 12 kuti achoke Sitandade 1 kufika Folomu 4. Timajambula ana ovala nsanza n'kutumiza zithunzi kunja popanda kulingalira kuti mwanayo adzakula n'kudziona. Kawirikawiri timawerenga atsikana okha, mnyamata wa ku ng'ombe n'kumuiwala. Ndipo chachikulu, nthawi zina timaopa kufunsa boma mafunso ovuta poopa kudana ndi akuluakulu, n'kumangogawa makope ndi zolembera. Kugawa makope n'kwabwino, koma ngati tilekera pomwepo, ndiye kuti tikuthandiza wangongole kuiwala ngongole yake.

Chitsanzo cha njira ina tili nacho m'boma lathu lomwe lino, kungotsika Khwekhwelere kupita ku Mtakataka. Malemu Inkosi Theresa Kachindamoto, omwe adatisiya mu Ogasiti 2025, adagwira ntchito ya ulembi pa koleji ina ku Zomba kwa zaka 27 asanaitanidwe kwao kudzalowa ufumu mu 2003. Atafika adapeza ana a zaka 12 ndi 13 ali ndi makanda kumbuyo. Sadadikire pulojekiti. Adasonkhanitsa mafumu ao aang'ono pafupifupi 50 kuti asainire pangano lothetsa maukwati a ana, ndipo ena omwe adapitiriza kuvomereza maukwati otere adawaimitsa pa ufumu mpaka atakonza zinthu. Adaika anthu m'midzi oti aziwatsina khutu mwana akachotsedwa pasukulu. Pofika 2016 adali atathetsa maukwati oposa 800, ndipo pambuyo pake chiwerengerocho chidapyola 3,000. Adaopsezedwa, adanyozedwa kuti akuononga mwambo, koma sadabwerere m'mbuyo.

Mabungwe, kuphatikizapo UN Women, adawathandiza mayiwa ndipo adawatchukitsa kunja, koma adabwera pambuyo, moto utayaka kale. Mphamvu yao idali yoti iwo sadali mame. Adali eni dera, ankadziwa banja lililonse ndi mbumba yake, ndipo mau ao ankamveka pa bwalo la milandu, pa maliro ndi pa chinamwali. Kafukufuku wa boma wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti mwa amayi 100 alionse a zaka 20 mpaka 24 m'dziko muno, 42 adakwatiwa asanafike zaka 18. Chiwerengero chotere sichingatsike ndi zikwangwani. Funso kwa inu mafumu a kuno kumtunda ndi lakuti: popeza mayi uja adapita, ndani anyamule ndodo yake? Ndaonapo m'midzi ina mafumu atagwirizana ndi akuluakulu a kudambwe kuti gule asatuluke nthawi ya sukulu, ndipo kwina gule yemweyo ndiye amaperekeza ana ojomba mpaka pabwalo la sukulu. Mwambo ukagwiridwa ndi eni ake anzeru umasanduka mthandizi wa mphunzitsi.

Tsopano ndifike pa katundu uja ndidati ndikutulani. Ndiyambe ndi inu a m'tauni. Mukafika kunyumba madzulo ano, muyang'ane amene akutsegulireni geti kapena amene wabereka khanda lanu. Mumufunse zaka zake ndi kalasi yomwe adalekera. Ngati ndi mwana, mukudziwa chochita: mumubwezere ku sukulu, kaya kwao kaya komwe mukukhalako, sukulu yeniyeni ya masana, ndipo ntchito ya m'nyumba mulembe munthu wamkulu n'kumamulipira moyenera. Sitingamadzudzule andale pa nkhani ya ufulu wa chibadwidwe m'mabala ndi m'nyuzipepala, pamene ufulu wa mwana wa ku Dedza tautsekera m'khitchini mwathu. Mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Kwa inu amene mudabwerera kuchokera kunja, ndi nonse ophunzira ochokera m'boma lino, pempho langa si la ndalama zokha. Muli ndi chinthu chomwe amayi a kumudzi akusowa: mumadziwa kulemba kalata yomwe bwana sangaiponye m'dengu, ndipo mudaphunzira kale kusaopa ofesi. Sankhani sukulu imodzi ya kwanu, muziiyendera teremu iliyonse, mukhale pansi ndi komiti ya sukulu ndi amayi a gulu. Kuyambira Seputembala 2020 lamulo lopatsa anthu ufulu wopeza nkhani za boma likugwira ntchito. Athandizeni makolo kufunsa kuti ndalama zotukulira sukulu zomwe boma limatumiza zidafika liti, zidali zingati, ndipo zidagula chiyani. Athandizeni kufunsa chifukwa chake sukulu ya pa boma ili ndi aphunzitsi ochuluka pamene ya kuseri kwa phiri mphunzitsi mmodzi akusamala makalasi awiri. Mudamenyera ufulu wolankhula. Tsopano aphunzitseni ena kuugwiritsa ntchito.

Kwa makhansala ndi aphungu athu, ndikukumbutseni kuti dziko lino lidakhala popanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo anthu adazolowera kuti za ku khonsolo si zao. Chizolowezi chimenecho chithe. Maina a ana omwe akulandira thandizo la sukulu kuchokera ku khonsolo kapena ku thumba la chitukuko cha m'dera la phungu asankhidwe poyera, pamaso pa mafumu, aphunzitsi ndi amayi a gulu, kuti mwana wamasiye asapambanidwe ndi mwana wa wachipani. Pokonza ndondomeko ya chuma, ikani patsogolo nyumba za aphunzitsi m'sukulu za kutali, zimbudzi zabwino za atsikana, milatho ya pa mitsinje yomwe imatsekereza ana nthawi ya dzinja, ndi malo ogona otetezeka pa sekondale zoyendera. Ndipo inu atolankhani, musamangobwera tsiku lomwe nduna ikudula riboni. Bwerani mwezi wa Febuluwale, mudzawerenge ana omwe ali m'kalasi.

Kwa mafumu ndi makolo, chida chachikulu ndi kope wamba la masamba ochepa. Mudzi uliwonse ukhale ndi kaundula wa ana onse a msinkhu wa sukulu, anyamata ndi atsikana, olumala ndi alungalunga, aliyense ndi kalasi yake. Pakutha pa mwezi, a mfumu, a komiti ndi amayi a gulu akhale pansi n'kuitana maina. Mwana akasowa sabata imodzi, wina apite pakhomo. Munthu akabwera kudzatenga mwana kupita naye ku tauni, ku esiteti ya fodya kapena kutsidya kwa malire, ayambe waonekera kwa mfumu n'kunena komwe akupita naye. Kaundula wotere akadakhalapo m'mudzi uja, mnyamata wa zaka 11 tikadamudziwa tsiku lomwe adanyamuka. Zimenezi sizifuna ndalama za ku Norway kapena za ku America, ndipo palibe boma lakunja lingadzazitseke.

Ife a mabungwe tipitiriza kuyenda pomwe tingathe, koma mutiyeze ndi muyeso uwu: tikachoka m'mudzi mwanu, kodi mwatsala odziwa ofesi yoyenera kupitako, lamulo loyenera kutchula ndi funso loyenera kufunsa? Ngati ayi, ndiye kuti tadya ndalama za ana anu pachabe, ndipo muli ndi ufulu wotiuza pamaso.

Lolemba likudzali ine ndi amayi anayi aja tikupita kwa a mfumu a kufupi ndi malire kukafunsanso za mnyamata uja, poti tamva kuti wina adamuona ku msika wa kutsidya. Amayi ake adasunga makope ake a Sitandade 4 m'thumba la pulasitiki, kudenga, kuti chiswe chisadye. Ngati pali wina pano wodziwana ndi anthu a ku Angonia, tionane panja msonkhano ukatha.